Botolo la Xi ndi Nkhope Yofiira ya Simoni

Pa mafilimu onse a nthabwala amene adafika kuno kwathu, sindikhulupirira kuti ilipo ina imene idaseketsa anthu ambiri kuposa The Gods Must Be Crazy, imene Jamie Uys wa ku South Africa adaitulutsa mu 1980. Pa Mponela anyamata amangoitchula kuti filimu ya Bushman, ndipo ngakhale mwana amene sadziŵa Chingerezi angathe kukufotokozerani nkhani yake: woyendetsa ndege ataya botolo la Coca-Cola m'chipululu cha Kalahari, botololo lidzetsa ndeu pakati pa anthu amene sankadziŵa kulimbirana chinthu, tsono Xi anyamuka ulendo kuti akalitaye kumathero a dziko. Funso langa kwa inu anzanga ndi ili: pamene tikugwa nacho chikhakhali, tikuseka yani, ndipo taima mbali ya yani?

Oikira kumbuyo filimuyi amati Uys sadasiye munthu, poti Azungu nawo akusekedwa. Izi nzoona. Andrew Steyn, katswiri wa sayansi uja, amagwetsa chilichonse akangoona mkazi, ndipo Land Rover yake yopanda mabuleki imafika pokwera mu mtengo. Chiyambi cha filimu chimanyoza anthu a mu mzinda amene amalamulidwa ndi wotchi. Luso la Uys pa zinthu zotere sindilitsutsa. Komatu taonani kumene uchitsiru wa aliyense ukuthera. Steyn ndi chitsiru chokondedwa, ndipo pamapeto pake apeza mkazi, mphunzitsi Kate Thompson. Xi ndi munthu wabwino, koma maganizo ake ambiri timaŵamva kudzera m'mau a Mzungu wosaoneka, wolankhula modekha monga amachitira pofotokoza za nyama za kutchire. Nanga anthu akuda amene avala nsapato ndi kugwira boma kapena mfuti? Nduna zikubisala pansi pa tebulo, zigaŵenga za Sam Boga zikutchova njuga nkhondo ili m'kati, kenaka zikugwira ana a sukulu. Filimuyi idatuluka chaka chimene Zimbabwe idalandira ufulu, nkhondo ya ku Namibia ikadali yotentha. Chiphunzitso chake chobisika m'nthabwala n'chakuti munthu wakuda amakoma akakhala kuchipululu wopanda kanthu, akafuna kudzilamulira asanduka choseketsa kapena choopsa.

Ndipo chipululu chamtendere chija sichinaliko. N!xau, amene adaseŵera ngati Xi, anali wa ku dera la Tsumkwe ku Namibia, kumene pa nthaŵi imeneyo amuna a mtundu wake ankalembedwa usilikali ndi gulu lankhondo la South Africa. Filimu ina ya chaka chomwecho, N!ai, the Story of a !Kung Woman ya John Marshall, imaonetsa anthu omwewo atavala malaya, akudalira chakudya cha boma, ndiponso imaonetsa a Uys akuŵajambulitsa chinthu chimodzi mobwerezabwereza.

Ife a ku Dowa ndi Ntchisi sitiyenera kukhala ophunzira pa nkhani yoseka Mzungu, chifukwa makolo athu adayamba kale. Amishoni a Dutch Reformed Church ochokera ku Cape, a chilankhulo chimodzi ndi Uys, adamanga ku Mvera mu 1889 ndi ku Kongwe mu 1894, ndipo iwo pamodzi ndi Akatolika adalimbana ndi Gule Wamkulu kwa zaka zambiri. Gule adayankha pabwalo. Kudatuluka Simoni, nkhope yofiira ngati ya Mzungu amene wapsa ndi dzuŵa, dzina lochokera m'buku la amishoni omwewo. Kudatuluka Maliya. Mlendo amene ankati gule ndi wa Satana adapezeka kuti waloŵetsedwa m'gule momwemo, akuvina pafumbi, amayi akumuombera m'manja ndi kumuseka. Kusiyana kwake ndi filimu ya Uys kuli poyera: pabwalo wosekayo ndi amene adalandidwa mphamvu, ndipo wosekedwayo ndi amene ali ndi sukulu, tchalitchi ndi bwanamkubwa kumbuyo kwake. Ndiponso gule sasiya akulu a pamudzi. Chadzunda amaloŵa pabwalo akutsimphina ngati nkhalamba yotheratu, koma ng'oma ikakoma mphamvu zimabwerera, ndipo aliyense amadziŵa mdala wa pamudzipo amene akunenedwa.

Tsono wailesi ya kanema itafika mu 1999, pambuyo pa zaka zonse zija za Kamuzu zimene dziko lidakhala lopanda kanema wakewake, tidatengako chiyani ku mwambo umenewu? Izeki ndi Jakobo, ndiye kuti malemu John Nyanga ndi malemu Eric Mabedi a Kwathu Drama Group, anali akatswiri a Chicheŵa cholankhula. Palibe wolemba pakati pathu pano amene angakole mkangano wa anthu aŵiri osauka monga ankachitira iwo. Manganya wa mu Tikuferanji, amene ndi Michael Usi, adafika pa mtima pa anthu mpaka mwini wake adakhala wachiŵiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2024. Koma m'kuona kwanga, chala cha nthabwala zathu za pa kanema chimaloza pansi kaŵirikaŵiri: munthu wakumudzi amene wasokonezeka m'tauni, chidakwa, apongozi, nkhalamba yosamva za makono. Tikuferanji adakonzedwa ndi bungwe la ADRA kuti aphunzitse anthu, makamaka za Edzi, ndipo ntchito imeneyo inali yofunika. Vuto lake n'lakuti seŵero lophunzitsa limafuna munthu wosadziŵa woti aphunzitsidwe, ndipo munthuyo nthaŵi zonse amakhala wofanana ndi amalume athu. Mlendo wa galimoto loyera amene amabwera kudzatiphunzitsa kusamba m'manja, amene Simoni wa lero akadamuvina bwino lomwe, sindimuona akusekedwa. Kapena chifukwa chake n'chakuti ndiye amagula kamera.

Chimene chimandipatsa chidwi n'chakuti oonera sali ndi kuseka kumodzi. M'nyumba zoonetsera mafilimu pa Mponela, zija za mabenchi ndi chinsalu pakhomo, anyamata amamuyankhira Xi m'Chicheŵa, namuika m'kamwa mau achipongwe amene Uys sadalembe, kotero kuti Xi amasanduka wochenjera amene akuŵapusitsa Azungu dala. Kumeneko ndi kulanda filimu, ndipo ndimakukonda. Koma anyamata omwewo akatuluka panja amatcha mnzawo wosavala bwino kuti Bushman, ndiye kuti mbali ya Uys nayo yaŵaloŵa.

Akuluakulu amaonera mwina. Agogo anga aamuna adagwirako ntchito m'migodi ya ku Joni, Kamuzu asanaletse Wenela mu 1974 ndege itagwa ku Francistown ndi kupha Amalaŵi ambiri obwerera kwawo. Tsiku limene tidaonera nawo filimuyi kunyumba adaseka Land Rover ija mpaka kutsokomola, poti ati adaonapo kapitao wa Chizungu akulimbana ndi makina momwemo. Koma pamene Xi adagwidwa chifukwa cholasa mbuzi, naimikidwa m'khoti limene sankamva chilankhulo chake, ife ana tikuseka, iwo adangoti chete. Adafunsa kuti womasulira uja, M'pudi, akumuuza zonse zimene woweruza wanena kapena akumubisira zina. Titaŵayankha kuti n'zoseketsa chabe, adati tibwezere pambuyo kuti amvetsetse okha.