Cikalata ca ku Barmen: Zimene Cinanena ndi Zimene Cinasiya

Pa 31 May 1934, mu mzinda wa Barmen ku Germany, abusa ndi akuru a mipingo oposa 130 anagwirizana pa cikalata cacifupi ca mfundo zisanu ndi imodzi. Mbali yaikuru ya cikalataco inalembedwa ndi Karl Barth, mphunzitsi wa mau a Mulungu wocokera ku Switzerland, amene pa nthawiyo anali kuphunzitsa ku Bonn. Akristu ambiri amacilemekeza monga umboni wakuti mpingo sunagwadire Adolf Hitler. Ulemu umenewo ngwoyenera; koma munthu wowerenga mofatsa adzaona kuti muli nkhani imodzi yaikuru imene olembawo anailambalala, ndiyo ya mazunzo a Ayuda.

Hitler analandira ulamuliro mu January 1933. Mu April caka comweco boma linaika lamulo locotsa pa nchito za boma anthu a mtundu wa Ayuda. Gulu lina la mu mpingo, lodzicha Akristu a Cijeremani, linafuna kuti lamulo lomwelo ligwire nchito ndi m'kacisi momwe. Gululo linapambana pa cisankho ca mpingo mu July, ndipo munthu wao, Ludwig Müller, anakhala bishopu wa dziko lonse. Mu September sinodi ya ku Prussia inalamula kuti munthu wobadwa kwa Ayuda asakhale mbusa. Mu November, pa msonkhano waukuru ku Berlin, Reinhold Krause anafuula kuti Cipangano Cakale citayidwe cifukwa ndi buku la Ayuda. Cikalata ca ku Barmen cinali yankho pa zinthu zimenezi.

Amene anasonkhana ku Barmen sanali anthu oukira boma. Ambiri anali okonda dziko lao, osunga mwambo wa makolo, ndi ogwiritsa ciphunzitso ca pa Aroma 13 cakuti munthu amvere maulamuliro. Martin Niemöller, mmodzi wa atsogoleri ao, adali mkuru wa ngalawa ya nkhondo yoyenda pansi pa madzi, ndipo poyamba anakondwera ndi kudza kwa Hitler. Cimene cinawautsa ndi kuona dzanja la boma likulowa pa guwa.

Mphamvu ya cikalataco iri m'kalembedwe kace. Mfundo iri yonse iyamba ndi mau a m'Buku Lopatulika, pamenepo ichula cimene mpingo ubvomereza, nitsiriza ndi ciphunzitso cimene mpingo ukana. Mulibe mau okometsera kapena onyoza, ndipo dzina la Hitler silipezekamo. Komabe ali yense m'masiku amenewo anazindikira kumene mubvi unali kulunjika. Mfundo yoyamba iphunzitsa kuti Yesu Kristu yekha ndiye Mau amene mpingo uyenera kumva ndi kumvera. Yaciwiri ikana ganizo lakuti pali mbali zina za moyo zimene mwini wace ndi mbuye wina. Yacisanu ibvomereza kuti boma liri ndi nchito yosunga cilungamo ndi mtendere, koma ikaniza boma kudziyesa mwini wa moyo wonse wa munthu. Kunena zotere kunali ndi mtengo wace: Barth anacotsedwa pa nchito mu 1935, ndipo Niemöller anamangidwa mu 1937, nakhala m'ndende kufikira 1945.

Tsono m'mfundo zonsezo liu lakuti Myuda mulibemo. Pa tsiku la msonkhanowo panali patapita caka ndi miyezi iwiri cicokere pamene masitolo a Ayuda anatsekerezedwa, pa 1 April 1933. Aphunzitsi ndi oweruza milandu a Ciyuda anali atacotsedwa kale pa nchito. Olembawo anaziona zimenezi m'miseu ya kwao. Ngakhale pamene abusa analimbana ndi lamulo la tsankho lija, ambiri anali kuteteza Ayuda obatizidwa okha, ndiwo a m'khola lao. Myuda wa ku sunagoge anamsiya m'manja mwa boma.

Zifukwa za cete ameneyu ziri zitatu. Coyamba, msonkhanowo unali kuyesa kumanga pamodzi mipingo ya Luther ndi ya Calvin, imene inali yosiyana kwa zaka mazana, ndipo mau ali onse oonjezera akadaupasula. Caciwiri, panali mantha. Cacitatu ndico coipitsitsa: ambiri a iwo anakula akumva m'kacisi kuti Ayuda ndi mtundu wotembereredwa cifukwa ca imfa ya Yesu, ndipo Martin Luther mwini adalemba buku mu 1543 lolangiza kuti masunagoge atenthedwe. Munthu amene wayamwa ciphunzitso cotere sadzidzimuka msanga poona Myuda alikuzunzika.

Ena amateteza cikalataco ponena kuti cinali ca ciphunzitso, osati ca ndale. Koma mfundo yace yaciwiri ndiyo iwatsutsa. Ngati palibe mbali ya moyo imene iri kunja kwa ufumu wa Kristu, ndiye kuti sitolo ya Myuda ndi sukulu ya ana ace zirinso momwemo. Ndiponso sikuli koona kuti panalibe wina wopenya. Mu April 1933 Dietrich Bonhoeffer adalemba kuti mpingo uli ndi mangawa kwa ozunzidwa ndi boma, angakhale osakhala a mpingo. Ngakhale iyenso, m'nkhani yomweyo, anabwereza za temberero lija. Mu 1935 Elisabeth Schmitz, mphunzitsi wamkazi wa ku Berlin, analembera atsogoleri a mpingo mndandanda wa mazunzo a Ayuda, koma sanaucitire kanthu. Pamene masunagoge anatenthedwa mu November 1938, mpingo wa anthu a ku Barmen sunalankhule poyera monga mpingo. Abusa owerengeka okha, monga Julius von Jan, analalikira motsutsa, ndipo iye anamenyedwa namangidwa. Pomafika 1945 Ayuda okwanira 6 miliyoni anali ataphedwa.

Kulapa kunadza mocedwa. Cibvomerezo ca kucimwa ca ku Stuttgart, ca mu 1945, sicinachulenso Ayuda. Sinodi ya ku Berlin-Weissensee ndiyo inawachula mu 1950. Barth mwini, m'kalata yace kwa Eberhard Bethge mu 1967, anati msonkhanowo sukadalola mau onena za Ayuda, komabe anadziyesa wolakwa cifukwa sanawamenyere nkhondo. Ku South Africa, olemba cibvomerezo ca ku Belhar, cimene cinalandiridwa mu 1986, anatsata kalembedwe ka ku Barmen, koma iwo anachula poyera tsankho la mitundu ndi kusalungama.

Cotero cikalata ca ku Barmen nciyenera kuwerengedwa ndi ulemu, komanso ndi cisoni. Cinateteza bwino ciphunzitso ndi ufulu wa mpingo, koma sicinateteze mnansi amene anali kufa pakhomo pa mpingowo. Akuru anati, caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. Koma Mkristu ayenera kulankhulira wozunzidwa ngakhale pamene tsokalo silidzafika kwa iye mwini. Mnyamata kapena mtsikana amene adzakhala mkuru wa mpingo ayese mau ali onse a mpingo ndi mafunso awiri: kodi mau amenewa ngoona, ndipo kodi ndani amene aiwalidwamo?