Mazira a Fabergé: luso lili pa chikamba

Nkhani ya mazira a Fabergé ikangoyambika, anthu amathamangira mtengo. Wina akumbutse kuti mu 2004 Viktor Vekselberg anagula mazira achifumu 9 kwa banja la Forbes, wina ayambe kuwerenga madayamondi. Zimanditopetsa. Dayamondi amagula aliyense amene thumba lake ndi lolemera, ndipo mafumu a ku Russia sankasowa miyala.

Dzira loyamba, limene Mfumu Alexander III anapatsa mkazi wake Maria Feodorovna pa Pasaka wa 1885, kunja kwake kulibe mwala ngakhale umodzi. Ndi loyera mbee ngati la nkhuku. Ukalitsegula mpamene umapeza yolki ya golide ndi kathadzi mkati mwake. Kuyera kumeneko ndi enamel, ufa wa galasi wosungunulidwa m'ng'anjo mpaka kumamatira pa chitsulo. Mpamene pagona luso.

Taonani dzira la 1897, lokumbukira kuvekedwa ufumu kwa Nicholas II, lochokera m'manja mwa mmisiri Mikhail Perkhin ndi anyamata ake. Asanapake kalikonse, anayamba ajambula timizere tosaoneka bwino ndi maso pa golideyo ndi makina ozokotera, tofalikira ngati cheza cha dzuwa. Kenako enamel wachikasu woonekera mkati, kupaka, kuwotcha, kupakanso, kuwotchanso, kenako kupukuta. Moto ukapitirira pang'ono mtundu wasintha, ndipo pa chinthu chozungulira ngati dzira galasi losungunuka limafuna kuyenderera. Ukalitembenuza, kuwala kumalowa m'galasimo, kukagunda timizere tija n'kubwerera kukuvina. Ine ndikhoza kuyang'ana chikamba chimenechi tsiku lathunthu!

Koma anthu amasilira kangolo kachifumu kamene kali mkatimo, ndi kasitima kagolide kokhala ndi kiyi wopukusa ka m'dzira la 1900. N'zokongola, inde, koma ndi zidole.

Chinanso chondipweteka ndi dzina. Carl Fabergé ankatsogolera kampani ku St Petersburg, kusankha ndi kuvomereza. Pa mazira ambiri manja anali a Perkhin, ndipo iye atamwalira mu 1903 anali a Henrik Wigström. Dzira la nyengo yachisanu la 1913, looneka ngati madzi oundana, analilinganiza ndi mtsikana, Alma Pihl. Zilembo zoyamba za mayina a Perkhin ndi Wigström zinadindidwa pa golideyo, zing'onozing'ono, ndipo owerenga madayamondi amazidumpha.