Mwala Wosachula Maina: Mau kwa Opita ku London

Masiku ano ana athu ambiri afika ku London, ena kukaphunzira, ena kukagwira nchito, ndipo pobwera amatitengera timabuku ta alendo tonena za zooneka za mzindawo. Ndawerenga tingapo, ndipo ndifuna kutiyesa pa muyeso, pakuti mlendo apenya ndi maso a buku limene ali nalo m'dzanja.

Poyamba nditiyamike. Pa za njira tinena zoona. Tiphunzitsa mlendo kukwera sitima ya pansi pa nthaka, imene inayamba kuyenda m'caka ca 1863, ndi kutsikira pa Westminster. Timuuza kuti ku British Museum alowa wosalipira, koma ku Westminster Abbey wodzaona alipira, ndi kuti tsiku la Mulungu nyumbayo iri ya mapemphero okha. Wakumvera izi sadzasokera, ndipo ndalama zace sizidzathera pacabe.

Koma colakwa cace ca timabukuti ndico liwiro. Tiwerenga zooneka monga mbusa awerenga mbuzi madzulo pakhomo pa khola: nsanja ya koloko, nyumba ya mfumu, mlatho, mtsinje wa Thames, zonse tsiku limodzi. Makolo athu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsono wothamanga cotere adzaonanji?

Taonani citsanzo. M'kati mwa Westminster Abbey, momwe mafumu a England akhala akubvekedwa cisoti kuyambira 1066, muli mwala wogonekedwa pansi, pamene anthu aponda. Pamenepo anaikapo David Livingstone pa 18 April 1874. Kabuku kamene ndiri nako kapatsa mwala umenewu mizere iwiri, ndi kufulumiza mlendo apite ku manda a mafumu. Sikafunsa konse kuti munthu amene anafera kwa Chitambo, m'dziko limene lero liri Zambia, pa 1 May 1873, anafika bwanji pansi pa mwalawo.

Anamnyamula ndiwo anthu a kuno. Anzace a paulendo, otsogozedwa ndi Abdullah Susi ndi James Chuma, anakwirira mtima wace patsinde pa mtengo, naumika thupi ndi mcere ndi dzuwa, nalisenza miyezi isanu ndi inai, mamailosi oposa 1,000, kufikira ku Bagamoyo pa nyanja ya mcere m'mwezi wa February 1874. Ena a iwo anafera m'njira. Chuma ameneyo anali Myao, amene anaomboledwa m'manja mwa ogula akapolo ku mapiri a ku Shire m'caka ca 1861, akali mwana. Tonse tidziwa kulemera kwa maliro ngakhale powatengera kutsidya kwa dambo. Nanga miyezi isanu ndi inai, m'maiko a eni, osatumidwa ndi munthu?

Mau olembedwa pamwalapo ayamika kukhulupirika kwa onyamulawo, ndipo pamenepo acita bwino. Koma sachula dzina la mmodzi yense. Susi ndi Chuma sanaone ngakhale mwambo wa maliro, pakuti anafika ku Britain utatha. Jacob Wainwright yekha ndiye anaimirira anzace, nagwira nao bokosi. Komabe pamene Horace Waller anakonza mabuku otsiriza a ulendo wa Livingstone, osindikizidwa m'caka comweco, mbiri ya masiku omariza anaimva pakamwa pa awiriwa.

Kapena wina adzati, Mwala uli waung'ono, ndipo onyamula anali ambiri. Akadalemba yani, nasiya yani? Mau amenewa ali ndi nzeru, ndipo sinditsutsana ndi wosema mwala wa kale. Koma pepala siliri mwala. Kabuku kopeza malo a kuchula sitolo za zobvala ndi nyumba zodyera sikangasowe mzere umodzi wa maina atatu. Ndipo coopsa cace ndi ici: mwana wathu aimirira pamwalapo, najambulitsa cithunzi, nabwera kwao wosadziwa kuti anaima pa mbiri ya abale ace. Ameneyo wayenda kutali, koma sanaone kanthu.

Cifukwa cace ndipangira opita kumeneko motere. Tengani kabukuko kakusonyezeni njira, koma kasakulamulireni mapazi. Sankhani malo awiri pa tsiku, osati khumi. Musanapite werengani mbiri ya cimene mukaone. Pofika pamwalapo imani, muwerenge mau onse, ndi kuchula mumtima maina amene palibe. Ngati ndalama zacepa, lowani pa mapemphero a madzulo, pakuti wodzapemphera salipira pakhomo. Mudzamva kuyimba m'nyumba imene Mfumu Henry III anayamba kuimanga m'caka ca 1245.

Ndipo pobwera, musatiuze za kutalika kwa nyumba kokha. Tiuzeni za anthu, kuti ana a m'sukulu zathu adziwe kuti kukhulupirika sikuli ndi mtundu. Wakutsina khutu ndi mnansi.