Luso Loyeza Mofini

Ku Mwambo, kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, wodwala khansa akafika poti panado ndi bulufeni zakanika, abale amayamba kunong'onezana za ufa ndi nkhuni. Apa m'pamene namwino wosamalira odwala matenda osachiritsika amaonetsera ukatswiri wake, ndipo chida chake chachikulu ndi mankhwala amene anthu ambiri amawaopa, mofini.

Akafika pakhomo safulumira kutulutsa botolo. Amakhala pamphasa pomwe pagona wodwalayo, n'kutambasula dzanja. "Gogo, onani dzanja langali. Nkhonya ndiye kuti palibe chikuwawa. Chala chimodzi ndi kuwawa pang'ono, zonse zisanu ndi ululu wosapiririka. Lero muli pa zingati?" Gogo akakweza zinayi, mafunso amapitirira: ukulasa, ukuotcha, kapena ukuluma m'kati mwa fupa? Usiku mukumagona? Mwachita liti chimbudzi? Funso lililonse lili ndi ntchito yake. Ululu wootcha, wothamanga ndi mwendo, kawirikawiri umachokera m'mitsempha ndipo sumvera mofini yekha, umafuna kuwonjezerapo mankhwala ngati amitriptyline. Wa m'mafupa umagonja msanga bulufeni akathandizirapo. Namwino wosafunsa amangochulukitsa mlingo, wodwala n'kumasinza tsiku lonse ululu uli chiwawire.

Njira imene amatsata inalembedwa ndi bungwe la WHO mu 1986: mankhwala alowere pakamwa, aperekedwe motsata nthawi, ndipo mphamvu yake izikwera pang'onopang'ono malinga ndi ululu. Amene anaifikitsa m'midzi ya kuno ku Africa ndi Dr Anne Merriman, yemwe anakhazikitsa Hospice Africa Uganda mu 1993 ndi kuphunzitsa anthu kusungunula ufa wa mofini m'madzi, kuthiramo mankhwala oti asawonongeke ndi utoto wosonyeza mphamvu yake, wobiriwira kwa wofookerako. Mu 2004 dziko la Uganda linalola anamwino ophunzitsidwa mwapadera kulembera odwala mofini. Kuno kwathu ntchitoyi inakula kudzera ku Tiyanjane pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ku bungwe la PACAM lomwe linayamba mu 2005, ndi ku Ndi Moyo ku Salima, malo amene Lucy Finch anatsegula mu 2007 atamva msilikali wachinyamata akulira ndi ululu m'chipatala mpaka kumwalira. Mofini wamadziyu ndi mwayi waukulu m'dziko limene khansa ya kummero ndi yofala, pakuti munthu amene phala likumukanika kumeza sangathane ndi mapiritsi.

Gawo lokoma kuliona ndi lophunzitsa gadiyani. Namwino amatenga sirinji yopanda singano, n'kuika chizindikiro pamzere wa mamililita 5, kapena theka lake ngati wodwala ndi wokalamba kapena wafooka kwambiri. Amakoka madzi wamba, kuwathira, n'kupereka sirinjiyo kwa mwana wamkazi wa wodwalayo. "Chemwali, kokani inuyo ndione." Amabwereza mpaka dzanja litasiya kunjenjemera. Kenako nthawi: 6 koloko m'mawa, 10, 2 masana, 6 madzulo, ndipo pogona mlingo wowirikiza kawiri kuti pasakhale wodzuka pakati pa usiku. Mofini amatha mphamvu pakapita maola anayi, choncho wodikira kuti gogo abuule kaye wachedwa kale. Foni ikakhalapo amaitchera alamu. Ikatha moto amapangana zina: kuitana kwa kumzikiti m'bandakucha, belu la kusukulu, dzuwa likapendeka. Ululu ukabuka pakati pa nthawizi amaloleza mlingo wapadera, koma ulembedwe kamzere m'kabuku ka kuchipatala. Timizere timeneti ndi timene namwino adzawerenge pobweranso kuti adziwe ngati akweze mlingo. Sachoka asananene za kudzimbidwa, komwe sikuphonya aliyense womwa mofini. Amasiya mapiritsi otsegula m'mimba, ndipo kumene asowa amalangiza nthangala za papaya zouma zosinja.

Kenako pamabwera funso limene banja lakhala likulisunga. "Anesi, kodi awa si mankhwala omalizitsa munthu? Nanga akazolowera, sadzakhala ngati aja ozunguzika bongo?" Namwino waluso saseka funsoli. Amafotokoza kuti thupi limazoloweradi, n'chifukwa chake mofini sasiyidwa mwadzidzidzi koma mochepetsa pang'onopang'ono, koma kuti zimenezo n'zosiyana ndi chilakolako chimene chimachititsa munthu kugulitsa katundu wa m'nyumba. Amauzanso banja zoyenera kuchenjera nazo: wodwala akamavuta kumudzutsa, kupuma kukachedwa, mlingo wotsatira udikire ndipo wina athamangire kuchipatala.

Mantha a banjali ali ndi yankho linanso kuchokera kutali, kumene mankhwala a mtundu womwewu amagwiritsidwa ntchito pochiza anthu ogwidwa ndi heroin. Methadone anapangidwa ku Germany kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 ngati mankhwala a ululu. Cha m'ma 1964 Vincent Dole ndi Marie Nyswander a ku New York anapeza kuti kumwa methadone kamodzi patsiku kumaziziritsa chilakolako cha heroin, munthu n'kubwerera kuntchito. Chipatala cha Muhimbili ku Dar es Salaam chinayamba kupereka chithandizochi mu 2011. WHO inaika methadone ndi buprenorphine pamndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2005 chifukwa cha ntchito imeneyi, ndipo mu 2017 inavomerezanso methadone pa ululu wa khansa. Madokotala amatembenukira ku mankhwalawa mofini akakanika, makamaka impso zikafooka, poti zotsalira za mofini zimaunjikana m'magazi a munthu wotero.

Koma apa dzanja loyeza liyenera kuchenjera koposa. Methadone amaletsa chilakolako kwa tsiku lathunthu, pomwe ululu amauletsa kwa maola 6 mpaka 8 okha. Ndiye munthu amene wakhala akumwa kamodzi patsiku akadwala khansa, dokotala wodziwa amagawa mlingowo katatu kapena kanayi, osamumana poganiza kuti akunamizira. Vuto n'lakuti ululu ukabwerera mankhwalawo amakhala asanachoke m'thupi. Anthu a ku Mwambo angalimvetse msanga: Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, zimene mitsinje ya Likangala, Domasi ndi Phalombe yathiramo zimakhala momwemo n'kumakwera mwakachetechete. Mlingo umene unali wabwino Lolemba ungagonetse munthu tulo tosadzuka pofika Lachisanu, n'chifukwa chake sakweza asanadikire masiku 5 mpaka 7. Amafunsanso za mankhwala ena onse. Rifampicin wa TB, komanso ma ARV akale aja a efavirenz ndi nevirapine, amafulumizitsa chiwindi kuphwanya methadone, ndipo wodwala akamaliza mankhwala a TB mlingo womwe uja umasanduka wochuluka. Buprenorphine ndi wofatsirako pa kupuma, ndipo amaikidwa kunsi kwa lilime kapena kumatidwa pakhungu ngati pulasitala ya sabata yathunthu. Nayenso ali ndi msampha wake: kutentha kumafulumizitsa kulowa kwake m'thupi, nkhani yosafunika kuiwala m'chigwa chimene mu Okutobala anthu amagona panja.

Kaya ndi ku Muhimbili kaya ndi pamudzi wa ku Mwambo, ntchito ndi imodzi: kufunsa, kuyeza, kusunga nthawi, kubweranso kudzaona. Mankhwalawa paokha alibe khalidwe. Amamanga kapena kumasula munthu malinga ndi amene wagwira sirinji.

Pali masamu ena omaliza amene namwino amachita asanatsazike, ndipo ine ndimawalemekeza kuposa ena onse. Mamililita 5 kanayi ndi 10 pogona ndi 30 patsiku, choncho botolo la theka la lita litha pa masiku 16. Iye amayang'ana kalendala, n'kuyang'ananso kumwamba. Ngati ndi Januwale, amadziwa kuti msewu wa ku Kachulu ukhoza kuterera moti wakabaza n'kukana ulendo, kuti banja lili kalikiliki kuwokera mpunga, kuti mwana amene amadalirika kupita kuchipatala mwina ali panyanja m'zimbowera akusodza matemba. Ndiye amapangana tsiku lodzatenga botolo lina kudakali masiku angapo lakale lisanathe, n'kulemba dzina la munthu wachiwiri woti adzatumidwe woyamba akalephera. Amatero chifukwa botolo likauma ululu umabwerera wonse, pamodzi ndi thukuta, kutsegula m'mimba ndi kunjenjemera kwa thupi losiyitsidwa mwadzidzidzi, ndipo banja limene laona zimenezo silikhulupiriranso chipatala. Luso lonseli limatsamira pa chinthu chimodzi chimene namwino sangachipange ndi manja ake: kuti tsiku lapanganidwalo likafika, mofini apezeke pashelefu ya chipatala. Umenewo ndi udindo wa amene amagula ndi kugawa mankhwala m'dziko muno.