SADC ndi Nkhondo za ku Congo

Pa nkhani ya chitetezo, bungwe la SADC lili ndi chilema chothamangira mfuti zokambirana zisanathe. M'chaka cha 1998, maiko a Zimbabwe, Angola ndi Namibia adatumiza asilikali ku Congo kukathandiza Laurent Kabila, pamene South Africa inkafuna kuti olimbanawo akhale pansi. Koma chimene chidatsegula njira ya mtendere chidali pangano la ku Lusaka la 1999, lomwe mkhalapakati wake adali Frederick Chiluba.

Phunziroli lidaiwalika. Mu 2023 bungweli lidatumiza asilikali a Malawi, Tanzania ndi South Africa kummawa kwa dzikolo. Mu 2025 mzinda wa Goma udagwa m'manja mwa zigawenga za M23, asilikali ena adafa, otsalawo nabwezedwa kwawo. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.