Ludzu la Kudziŵa: Kuunika Sukulu ya Bambo Milani ku Barbiana

M'mwezi wa May 1967 ku Florence, m'dziko la Italy, kudatuluka kabuku kotchedwa Lettera a una professoressa, ndiye kuti kalata yopita kwa mphunzitsi wamkazi. Adakalemba ndi anyamata asanu ndi atatu a sukulu ya ku Barbiana, motsogozedwa ndi wansembe wao, Bambo Lorenzo Milani, amene adamwalira pa 26 June chaka chomwecho ali ndi zaka 44. Kabukuka kakutifunsa funso limene mphunzitsi aliyense sangalithaŵe: kodi chimene chimadzutsa chidwi mwa mwana amene sukulu yamtaya nchiyani?

Bambo Milani adatumizidwa ku Barbiana, kamudzi ka m'phiri kopanda magetsi, m'chaka cha 1954. Mu 1962 boma la Italy lidakhazikitsa sukulu imodzi yapakati ya ana onse a zaka 11 mpaka 14, komabe ana a alimi osauka ankalephera mayeso, nabwerera kumunda. Ana otereŵa ndiwo amene iye adaŵasonkhanitsa m'nyumba ya wansembe.

Njira yake idali iyi. Tsiku ndi tsiku ankaŵerenga nyuzipepala pamodzi, ndipo akakumana ndi liu lachilendo ankaima kuti afufuze tanthauzo ndi gwero lake. Ana okulirapo ankaphunzitsa ang'onoang'ono, ndipo phunziro silinkapitirira kufikira wochedwa kumva atamvetsa. Polemba, aliyense ankaika ganizo lake pa kapepala. Timapepalato ankatisanja m'timiyulu, nachotsa liu lililonse losafunikira.

Apa ndiye pagona nzeru za wansembeyu. Adazindikira kuti mwana wosauka sasoŵa nzeru, amasoŵa mau. Ndipo wosoŵa mau amaopa kufunsa. Mukampatsa mau, mafunso amadza okha. Thomas Aquinas Woyera, mu Summa Theologiae, adasiyanitsa studiositas, khama lofuna choona m'njira yoyenera, ndi curiositas, kusuzumira zinthu mopanda cholinga chabwino. Ku Barbiana chidwi chidali ndi cholinga: kuphunzira kuti utumikire mnzako, makamaka wosauka. Pa mfundo imeneyi kabukuka nkovuta kukatsutsa.

Koma sitingachitire mwina, tiyenera kunenanso pamene njirayi ikutsimphina. Poyamba, sukuluyi inkaphunzitsa kuyambira m'maŵa mpaka madzulo, chaka chonse, popanda tchuthi, ndipo kabuku komweko kakuvomereza kuti zikafika povuta mkwapulo unkagwira ntchito. Komatu Augustine Woyera, m'buku loyamba la Confessiones, akukumbukira kuti Chilatini adachidziŵa mosavuta pakati pa anthu omseketsa, pamene Chigriki adadana nacho chifukwa cha mantha a chilango. Kwa iye chidwi chaufulu chimaphunzitsa koposa chikakamizo. Kachiŵiri, kabukuka kakuweruza aphunzitsi a boma mwaukali, ngati kuti onse adali adani a osauka. Kachitatu, zonse zidatsamira pa munthu mmodzi: iye atamwalira, sukuluyo idatsekedwa mu 1968. Mutu umodzi susenza denga.

Komabe zofookazi sizifafaniza umboni wake. Eklezia yemwe, amene mu 1958 adalamula kuti buku lake loyamba, Esperienze pastorali, lichotsedwe pamalonda, adadzamlemekeza pamene Papa Francis adakapemphera pamanda ake pa 20 June 2017.

Kwa ife ansembe ndi aseminale phunziro nloonekeratu. Timaphunzitsa katekisimu kwa ana a msinkhu womwewu, ndipo kaŵirikaŵiri timakondwa akabwereza mayankho oloŵeza pamtima. Kodi timaima pa liu limene sadalimve, monga "chaulere" kapena "chipangano"? Kodi timamdikira wochedwa uja? Mwana amene funso lake talitsekereza lero, maŵa sadzafunsanso za Mulungu, ndipo chete wakeyo tidzamuyesa chikhulupiriro.