Sikelo ya Wamalonda ndi Mphatso ya Wosauka

Munthu wogula mtedza pa msika wa Kamwendo sakhulupirira maso ake okha ayi. Amapachika thumba pa sikelo, nalemba m'buku kulemera kwake ndi mtengo wake, ndipo pakutha pa chaka amawerengera kuti aone ngati wapindula. Masiku ano ophunzira ambiri anena kuti ntchito zachifundo nazonso ziyenera kuyesedwa chomwecho. Ku America, m'chaka cha 2007, anyamata awiri, Holden Karnofsky ndi Elie Hassenfeld, anasiya ntchito yawo yochulukitsa ndalama za anthu olemera, nayambitsa bungwe lotchedwa GiveWell. Funso lawo linali la wamalonda: kodi ndalama yopatsidwa kwa osauka ibala chiyani? Funso limeneli si lachilendo ku Mchinji, pakuti kumenekonso mphatso inaikidwapo pa sikelo.

M'chaka cha 2006 Boma la Malawi, mothandizidwa ndi UNICEF, linayamba ku Mchinji ntchito imene lero itchedwa Mtukula Pakhomo. Anafuna mabanja osaukitsitsa, osowa munthu wamphamvu wogwira khasu: agogo olera adzukulu amasiye, odwala nthenda zokhalitsa, ndi olumala. Makomiti a m'midzi ndiwo analoza nyumba zotere, koma analamulidwa kuti asapitirire nyumba 10 pa nyumba 100 zilizonse. Nyumba ya munthu mmodzi inalandira K600 pa mwezi, ya anthu anayi kapena oposa inalandira K1,800. Anawonjezanso K200 pa mwana wa ku pulaimale ndi K400 pa mwana wa ku sekondale.

Mu 2007 ndi 2008 akatswiri a ku Boston University, pamodzi ndi anzawo a Centre for Social Research ku Zomba, anayendera nyumba pafupifupi 800. Theka la nyumbazo linali kulandira ndalama, theka lina linayamba ladikira, kuti kusiyana kwake kuoneke poyera. Anayesa ana msinkhu ndi kulemera, anawerenga nkhuku ndi mbuzi, nafunsa kuti banja lidya kangati pa tsiku. Anapeza kuti olandirawo anadya bwino koposa anzawo, anagula ziweto ndi makasu, ana awo ambiri anapita kusukulu, ndipo ganyu wa m'minda ya eni anachepa.

Pamenepa sikelo iyenera kutamandidwa. Anthu ambiri amakonda kunena kuti ndalama yopatsa wosauka imathera ku kachasu. Mawu otere ndi ovuta kuwatsutsa ndi pakamwa pokha, koma mbuzi yoimirira m'khola ndi mboni yosakanika. Zimene akatswiri analemba zinathandiza kuti ntchitoyi ikule, kufikira kuti mu 2018 inali itafika m'maboma onse 28 a dziko lino. Chifundo chokana kuwerengedwa chimabisa ulesi, ndipo nthawi zina chimabisa kuba.

Koma sikelo ya wamalonda ili ndi zilema zitatu. Choyamba nchakuti wamalonda afuna phindu lokula chaka ndi chaka. Tsono ena afunsa kuti, "Kodi olandirawa adzaima liti paokha?" Funsoli liyenera mnyamata wobwereka mpamba wa geni. Siliyenera nkhalamba ya zaka 75 yolera ana asanu, pakuti iyo inasankhidwa chifukwa chakuti mphamvu zinaithera. Bungwe loyesedwa ndi phindu lokha lidzaphunzira msanga kusankha anthu amphamvu amene abweza manambala okoma, ndi kusiya ofooka, monga wogula mtedza ataya mphwephwa. Pamenepo buku lidzakhala lokongola, koma amene chifundo chinawadzera adzatsala panja.

Chachiwiri ndi malire aja a nyumba 10 pa 100. Malirewo athandiza wosunga thumba kudziwa ndalama zimene zidzafunika, koma njala siiwerenga motero. Nyumba yotsatira pa mzere ikhoza kukhala yosauka chimodzimodzi ndi imene yalembedwa, ndipo iyo siioneka m'buku la zopambana.

Chachitatu nchakuti zinthu zina zazikulu sizikwera pa sikelo. Gogo amene kale ankabisala m'nyumba chifukwa cha nsanza, lero wachapa nsalu yake ndi sopo, napita kutchalitchi. Pa maliro a mnansi wanyamula kambale ka ufa monga anzake, ndipo wakhalanso munthu pakati pa anthu. Kodi zimenezi zilemera makilogalamu angati? Akale anati, "Kupatsa nkuika." Iwonso anadziwa kuti mphatso imabwerera, koma sanaiikire tsiku, ndipo sanayembekeze kuti idzabwerera m'dzanja lomwelo limene linapereka.

Kotero sikelo isatayidwe, koma itembenuzidwe. Woyamba kuikidwapo akhale wopereka, osati wolandira. Pa K100 iliyonse yotuluka m'thumba, ndi zingati zafika m'manja mwa gogo, ndipo ndi zingati zathera ku mafuta a galimoto ndi misonkhano? Kodi ndalama yafika tsiku lake, kapena yachedwa mpaka njala ya Januwale yapita? Pamene mtengo wa chimanga wakwera, kodi mphatso nayo yakwera? Awa ndi mafunso a wamalonda enieni, ndipo bungwe lililonse loona mtima liyenera kuwayankha mosanyinyirika.

Mafunso amenewa si a akatswiri a kutsidya kwa nyanja okha. Bambo kapena mayi amene waphunzira kuwerenga akhoza kupita ku msonkhano wa komiti ya m'mudzi mwake, napempha mwaulemu kuti maina ndi manambala awerengedwe pamaso pa onse. Akatero adzakhala atatchinjiriza gogo amene sangathe kudziwerengera yekha.